Dzanja Lomwe Linandipala Msana

Ndine ndinawakakamiza bambo anga kuti akapemphe unzika. Ndikuneneratu ndekha, chifukwa kukachisi kwathu anthu okumbutsa anzawo zolakwa sasowa.

Bambo akhala mumzinda wa Stockton zaka zoposa makumi anayi ndi khadi chabe lowalola kukhala m'dziko muno. Amakazinga madonasi m'kasitolo kathu ka pakona, ndipo chiyambire kuyendetsa galimoto sanadutsepo ngakhale loboti yofiira. Ndinawauza kuti munthu wa zaka 68 sangamakhalebe ngati mlendo, ndipo mafomu ndinadzaza ndine. Patapita miyezi isanu, m'malo mwa tsiku la mayeso kunabwera kalata. A imigireshoni anali atafukula mlandu wa mu 1997, umene bambo anga, Bunthan Nhem, anavomera kuti anazunza mwana. Anawaveka kachibangili kakuda pamwendo koulula kulikonse kumene ali, n'kuwapatsa tsiku lokaonekera kwa jaji wa kumeneko. Mlandu wakalewo ukadzapezeka udakalipo pa tsikulo, bambo akwera ndege ya ku Cambodia. Anachokako wapansi mu 1979, ndipo kulibe m'bale, kulibe ngakhale manda oti angawaloze.

Mwana wozunzidwayo ndine.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Thupi linatentha, ndiye anandipala mphepo, monga amapalidwira mwana aliyense wa kwathu. Amakugoneka chafufumimba, n'kukudzoza mafuta otentha aja onunkha mpaka kwa aneba, kenako n'kumakukanda msana ndi m'mphepete mwa kobiri mpaka mizere yofiira ituluke. Zimawawa, sindinama. Koma mawa lake ndinadzuka thupi litapepuka n'kupita kusukulu, ndipo posintha malaya pa nthawi ya masewera aphunzitsi anaona msana wanga n'kugwira pakamwa. Masana omwewo apolisi awiri analowa m'sitolo. Mmodzi anafunsa kuti wachita zimenezi ndani. Bambo anapukuta manja pa epuloni n'kunena kuti, "Ndine."

Linali bodza. Alipo amuna amene amatha kupala, koma bambo anga si mmodzi wa iwo. Iwo amangodziwa kugona n'kupalidwa, uku akubuula ngati akuwazula dzino. Anandipala ndi amayi. Koma amayi ataona mayunifomu pakhomo anakhala pansi kuseri kwa firiji, thireyi ya madonasi ili pamiyendo, osatha kutulutsa liwu. Pa nthawi ya kuphana ija kwathu ku Cambodia, iwo ali mtsikana, anaona kuti aliyense woyankha kuti "ndine" ankatengedwa osabwerako. Mpaka lero munthu wa yunifomu akawafunsa ngakhale nthawi, pakamwa pamawauma. Mayeso a unzika analephera kawiri chifukwa cha zomwezo, ndiye nawonso ali ndi khadi chabe.

Kukhoti, loya amene boma linawapatsa bambo anawauza kuti akavomera agona kwawo tsiku lomwelo. Bambo anaganiza za sitolo imene inali yotseka masiku atatu, n'kusaina. Za kuthamangitsidwa m'dziko palibe anatchula.

Loya wathu wa tsopano, mayi Ochoa, ndi mzimayi wamfupi wolankhula mothamanga ngati basi ikumusiya. Anatifotokozera kuti lamulo limalola kufafaniza mlandu wakale ngati munthu anavomera asakudziwa kuti adzathamangitsidwa nawo, kapena ngati papezeka umboni woti sanalakwe. Ife tinali nazo zonse ziwiri: bambo sanauzidwe, ndipo kupala mphepo si kumenya.

"Koma loya wakale uja anamwalira, mapepala ake anatayidwa," anatero. "Zoti simunauzidwe, mboni ndinu nokha. Ndiye zonse zatsamira pa chinthu chimodzi, bambo Nhem. Jaji akukhulupirireni. Pali china chimene simunandiuze?"

Ndinatsegula pakamwa. Bambo anandiponda phazi pansi pa tebulo.

"Palibe," anatero.

Titangolowa m'galimoto ndinaphulika.

"Ababa, bwanji osangonena zoona? Simunandikhudze n'komwe!"

"Ndiye apite amayi ako?"

"Mwina sangawatenge."

"Mwina." Anandiyang'ana cham'mbali. "Unanenanso kuti mwina andipatsa unzika."

Pamenepo anandikhudza pachilonda. Sabata yomweyo ndinasaina chikalata cholumbira kuti anandipala ndi bambo anga, mwachikondi, pofuna kundichiritsa. Theka lake linali loona.

Masiku anayamba kuthamanga. Kachibangili kaja kamafuna kutchajidwa maola awiri tsiku lililonse, ndiye bambo ankakazinga ataima pafupi ndi soketi, chingwe chili kumwendo ngati mbuzi yomangirira. Makasitomala akafunsa ankawauza kuti ndi makina a dokotala. Loweruka lina masana ndikufunafuna mabokosi m'kachipinda kosungiramo ufa, ndinapeza sutikesi yaing'ono itabisidwa kuseri kwa matumba. Munali malaya atatu, mankhwala a shuga a bambo, ndi chithunzi changa cha tsiku lomaliza sukulu ya unamwino. Munthu anali atalongedza kale.

Ndinainyamula n'kukaiika patebulo pamene amayi ankathira shuga pa madonasi.

"Amayi, mwaiona iyi?"

Anaiyang'ana kamodzi. "Chotsa pamenepo, igwera ufa."

"Ndikufunsa ngati mwaiona."

"Ufa watsala matumba awiri. Uwaimbire anthu aja abweretse Lolemba."

"Amayi, loya akuti zonse zili pa kukhulupiriridwa. Mukanangopita n'kukamuuza iye yekha, m'ofesi, popanda wapolisi, popanda..."

Anatsegula mpopi wa pasinki mpaka kumapeto, madzi n'kumalira m'chitsulo mwakuti sindinkadzimvanso ndekha. Anaima pomwepo akutsuka thireyi yotsukatsuka kale. Ndinawakwiyira kwambiri, ndipo ndinazindikira kuti mkwiyowo sunali wa tsikulo. Ndinali ndausunga kuyambira ndili mwana.

Mlandu unalowa Lachiwiri m'mawa, kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti tsiku la ku imigireshoni lifike. Amayi a kukachisi anabwera khumi ndi awiri, atatchena ngati kuli ukwati, motsogozedwa ndi azakhali a Phally. Si azakhali anga enieni, koma anawolokera limodzi malire ndi amayi, ndipo pakamwa pawo palibe mabuleki. Pachipata anakangana ndi mlonda amene anawalanda mpunga wokulunga m'masamba a nthochi.

"Kodi mpunga unaphapo jaji?" ankafunsa m'chinenero chathu, mlondayo akungomwetulira osamva kanthu. "Taonani mmene waonderamu. Akufuna adye yekha ameneyu."

"Azakhali, chonde," ndinawanong'oneza. "Mkatimo osalankhula."

"Ine? Ndimalankhula ine? Iwe ukanalankhula pang'ono bwenzi pano uli pabanja."

Mayi Ochoa anayamba ndi kuitana dokotala wina wachikulire amene wakhala akuchiza anthu athu zaka zambiri. Anaonetsa pakhoma chithunzi cha apolisi cha mu 1997. Ndinali ndisanachionepo. Kamsana koonda, timapewa tosongoka, ndi mizere yofiira yotsetsereka kuchokera pafupa la pakati kupita m'nthiti, uku ndi uku, ngati minga ya nsomba. Dokotalayo anailoza umodzi umodzi. Anati lamba sasiya mizere yotere, ndodo ayinso. Anati kobiri amaligwira cham'mbali, limayenda mbali imodzi yokha, kuchoka pakati kupita kunja, ndipo silikwera pafupa.

"Amene anachita izi ndi katswiri," anatero. "Dzanja limeneli lapala misana yambiri."

Mayi Ochoa anagwedeza mutu mokhutira. Ndinayang'ana loya wa boma, mwamuna wamtali wa magalasi dzina lake Whitlock, ndipo ndinamuona akulemba mawu amenewo n'kuwadula mzere kunsi.

Bambo analankhula bwino, kudzera mwa womasulira wa khoti, mayi wina wa ku Long Beach amene sitinkamudziwa. Ananena za masiku atatu a m'chitokosi, za sitolo yotseka, za pepala limene anasaina asakutha kuliwerenga. Anati akanadziwa kuti pepalalo lidzawalekanitsa ndi mwana wawo, akanalolera kukhala m'ndende chaka chathunthu kudikira kuzengedwa. Jaji, mayi wa imvi wotchedwa Harlan, ankamvetsera atatsamiritsa chibwano padzanja. Ndinayamba kupuma bwino.

Kenako Whitlock anaimirira. Sanakweze mawu, ndipo mpaka lero sindinganene kuti anali munthu woipa. Anali munthu womvetsera, basi.

"Bambo Nhem, munkamupala kawirikawiri mwana wanu?"

"Akadwala."

"Kangati? Kasanu? Kakhumi?"

"Kambirimbiri."

"Anakuphunzitsani ndani?"

"Amayi anga, kumudzi."

Whitlock anatenga khushoni ya pampando wake n'kukaiika patsogolo pa bambo. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kobiri.

"Tiyerekeze kuti uwu ndi msana. Tationetsani."

Mayi Ochoa sanatsutse. Akanatsutsiranji? Kwa iwo unali mwayi.

Bambo analandira kobirilo ngati ndi khala la moto. Munthu wapalidwa moyo wake wonse, koma nthawi zonse nkhope ili pamtsamiro. Zochitika kumbuyo kwake sanazionepo. M'malo moligwira cham'mbali analigoneka lonse pakhushoni, pakati penipeni pamene payenera kukhala fupa, n'kuyamba kukhula mwamphamvu, kupita ndi kubwerera, kupita ndi kubwerera.

Ndiye mawu a azakhali a Phally anamveka mpaka kukhomo.

"Mayo ine! Akukwecha poto kodi?"

Amayi a kukachisi anayesa kudzigwira, koma mmodzi anaphulika, enawo n'kutsatira. Sankaseka mwankhanza. Onsewo ankadziwa zoona zake kuyambira 1997, ndipo kwa iwo zinali zoseketsa monga kuona mwamuna wamkulu akuyesa kumanga nsalu ya mkazi wake. Sanadziwe kuti kusekako kukuwononga mlandu wa bambo.

Jaji anamenya patebulo. "Womasulira, mayi awo anena chiyani?"

Womasulirayo anatiyang'ana ndi maso opepesa. Analumbira kuti amasulira chilichonse chimene khoti lafunsa, ndiye anamasulira, poto ndi zonse.

"Zikomo, bambo Nhem, mukhoza kusiya," anatero Whitlock, n'kutembenukira kwa jaji. "Olemekezeka, dokotala wawo yemwe wanena kuti mizere iyi ndi ya katswiri. Bambo awa sanapalepo munthu, ngakhale anthu akwawo akuona. Sindikudziwa amene anachita izi, kapena chimene chikubisidwa m'nyumba imeneyi. Chimene ndikudziwa n'chakuti angonama kumene atalumbira. Ngati anama pa ichi, tiwakhulupirire bwanji akamati sanauzidwe za kuthamangitsidwa?"

Jaji anachotsa dzanja pachibwano. Nkhope yomvetsera ija inali itatsekeka.

"Tipume mphindi makumi awiri," anatero. "Mayi Ochoa, kalankhuleni ndi anthu anu. Tikabwerera ndigamula."

M'khonde mayi Ochoa anatikokera pakona. Kuthamanga kuja polankhula kunali kutatha, ndipo zimenezi zinandiopsa kuposa akanakalipa.

"Ndinakufunsani. Ndinakufunsani pamaso. Anapala ndani?"

Bambo anayang'ana pansi. Ine ndinati, "Amayi."

"Kunthea!" anandikalipira bambo.

"Ndatopa, ababa! Mwaona nokha mmene bodza lanu lathera."

Mayi Ochoa anatsinzina kanthawi, kenako anati, "Mvetserani bwino, nthawi palibe. Mayi Nhem akalowa n'kunena okha, jaji akhoza kufafaniza mlandu lero lomwe, chifukwa ndiye kuti bambo sanachite kanthu. Boma silingawazenge mlandu mayi, papita zaka zambiri. Koma chigamulocho ndiyenera kuchitumiza ku imigireshoni, ndipo dzina lawo likhala momwemo, pamodzi ndi mawu awo ovomera. Mwina sadzalabadira. Mwina adzawaitana. Sindingalonjeze."

"Nanga ndikanena ine?"

"Inu munasaina kale kuti ndi bambo anu. Mawu anu lero alibe ntchito."

"Nanga kupempha tsiku lina?"

"Ndipempha. Koma jajiyu alibe malo mpaka mwezi wamawa, ndipo ife tatsala ndi masiku asanu ndi anayi."

Ndinawamasulira bambo zonsezo. Iwo anawongola malaya n'kumanga batani la pakhosi.

"Basi, ndipita. Ndakalamba kale ine. Kaya ndifera kuno, kaya uko."

"Mukakhala ndi ndani? Mukadwala akakunyamulani ndani?"

"Amayi ako salowa m'kabokosi ka mboni kaja. Ndanena ndanena."

Amayi anali pabenchi, chikwama atachikumbatira pamimba, maso ali pa nsapato za wapolisi wa khoti amene anaima pakhomo. Azakhali a Phally anali pambali pawo akudzimenya pakamwa.

"Savy, mnzanga, ndidule lilime. Ndidule basi. Ndimayesa samva zathuzi."

Ndinapita kukaima patsogolo pa amayi. Zimene ndinanena ndimachita nazo manyazi, koma ndizinena.

"Amayi, mwamva? Akupita. Mukhalabe chete?"

Sanadzutse mutu.

"Zaka 27 mwakhala kuseri kwa firiji. Anzanga kusukulu ankandifunsa ngati bambo anga amandimenyabe. Makolo awo ankakana kuti abwere kwathu. Inu muli phee, mukuthira khofi. Ku nkhondo kuja kunafa anthu ambiri olimba mtima, koma kupulumuka munapulumuka ndinu."

Mbama ya bambo sinafike. Dzanja analikweza ndithu, koyamba m'moyo wanga, m'khonde la khoti, pamaso pa wapolisi, pa tsiku la mlandu wozunza mwana. Linaima m'mwamba, kenako linatsika lokha. Wapolisi uja anatsegula chitseko n'kuitana dzina lathu.

Mayi Ochoa anali atangoyamba kupempha tsiku lina, jaji akupukusa kale mutu, pamene benchi inalira kumbuyo kwanga. Amayi anali ataimirira. Anadutsa pakati pa mabenchi pang'onopang'ono, chikwama chidakali pamimba, n'kukaima pa kachitseko kaja kolekanitsa anthu ndi maloya.

"Amake Kunthea, khalani pansi," anatero bambo. "Ndati khalani pansi!"

Jaji anafunsa kuti mayiwa ndani, ndipo mayi Ochoa anafotokoza kuti ndi akazi awo a bambo Nhem, akufuna kupereka umboni. Jaji anawachenjeza amayi kuti ali ndi ufulu wokhala chete, kuti chilichonse anganene chilembedwa ndipo maofesi ena akhoza kudzachiwerenga, kuti angathe kuyamba apeza loya wawowawo. Womasulira ananena zonse, osachotsa kanthu. Amayi anagwedeza mutu. Wapolisi anawaperekeza m'kabokosi n'kuima pambali pawo, unyolo wa pa lamba wake uli pafupi ndi nkhope yawo.

"Tiuzeni dzina lanu," anatero kalaliki.

Milomo inayenda, mawu osatuluka. Kalaliki anabwereza. Womasulira anabwerezanso, motsitsa, ngati akulankhula ndi wodwala. Thukuta linatsika m'khosi mwa amayi mpaka kunyowetsa kolala. Jaji anayang'ana wotchi ya pakhoma, kenako anayang'ana mayi Ochoa, ndipo ndinadziwa kuti yatha. Bambo akupita, ndipo amayi ndawakankhira pamoto pachabe.

Ndiye amayi anatsegula chikwama. Wapolisi anasuntha phazi. Iwo anatulutsa kabotolo ka mafuta n'kukaimika patsogolo pawo. Sanayang'ane jaji, sanayang'ane wapolisi. Anayang'ana ine.

"Kunthea, bwera kuno. Vula jekete."

Anali mawu a kunyumba, aja ondiitanira kudzasenda adyo. Womasulira anamasulira. Jaji anayang'ana Whitlock ngati akumufunsa, ndipo iye anangonyamuka n'kukapereka kobiri lija.

Ndinagwada pamasitepe a kabokosiko, msana ndalozetsa kwa amayi, bulauzi ndatsitsa paphewa. Fungo la mafuta linadzaza khoti lonse. Chala chawo chinafufuza fupa n'kulipewa. Kenako m'mphepete mwa kobiri munaluma. Kuchoka pakati kupita kunja, kunyamula, kuyambiranso pomwe paja. Dzanja lawo linali lokhazikika. Sanandinyengerere. Anapala molimba kuposa mmene ndimakumbukirira, ndipo ndikukhulupirira kuti mawu anga a m'khonde anali momwemo. Ndinaluma mlomo kuti ndisakuwe, koma misozi sindinathe kuigwira.

Atapala mizere inayi analeka. Jaji anatsika pampando wake kudzaona phewa langa. Anayang'ana chithunzi cha pakhoma, n'kuyang'ananso phewa. Anaitana dokotala uja, amene anangoona kamodzi n'kunena kuti kutalikirana kwa mizere ndi kupendekeka kwake n'kofanana. Whitlock nayenso anabwera, manja ali kumbuyo, ndipo anaima pamenepo nthawi yaitali.

"Dzina langa ndine Savy Nhem," anatero amayi, mawu atasasa. "Ndine. Mwanayu ankadwala. Bambo ake sanamukhudze."

Anawalumbiritsa, ndipo amayi anabwereza mawu omwewo. Whitlock anali ndi funso limodzi.

"Bwanji simunanene nthawi yonseyi?"

"Ndinkaopa."

"Nanga lero?"

"Ndikuopabe."

Whitlock anakakhala pansi. Atafunsidwa anati boma silikutsutsanso pempholo. Jaji analankhula nthawi yaitali, ndipo zambiri zinandidutsa chifukwa m'makutu munkalira. Anatidzudzula ine ndi bambo chifukwa cha bodza, n'kutikumbutsa kuti akanafuna akanatizenga nalo mlandu. Kenako ananena kuti mlandu wa mu 1997 wafafanizidwa. Amayi a kukachisi anaiwala malo amene ali n'kuyamba kuwomba m'manja. Ine ndinkayang'ana kalaliki, amene anaweramira kwa womasulira n'kupempha kuti amayi atchule dzina lawo chilembo ndi chilembo, ndi tsiku lobadwa, kuti zilembedwe bwino.

Kunja mayi Ochoa anati chigamulo achitumiza masana omwewo, ndipo kachibangili kadzavulidwa pakatha sabata kapena ziwiri. Kenako anandipatsa kapepala kokhala ndi dzina la loya mnzawo.

"Uyu ndi wa amayi anu. Mukamuone sabata ino. Musadikire kalata."

Bambo anatsogola kuchokera m'khoti mpaka pamalo oimika magalimoto. Anthu ankawapatsa moni wa chisangalalo, iwo n'kumangolandira ngati ali pamaliro. Azakhali a Phally anawatsatira akupepesa ndi kudzitama nthawi imodzi, kuti pakanapanda pakamwa pawo bwenzi zinthu zisanatheke, koma bambo sanacheuke. Analowa kutsogolo, amayi kumbuyo. Ndinaika kiyi koma sindinalize galimoto, chifukwa ndinkafuna kupepesa ndipo sindinkadziwa poyambira.

Bambo analankhula maso ali pagalasi la kutsogolo.

"Mwachita chiyani, amake Kunthea?"

Amayi ankalimbana ndi lamba wa mpando. Kachitsulo kankangogunda pambali osalowa.

"Akadzabwera kudzakutengani ndidzanena chiyani? Ndidzati ndine? Adzandikhulupiriranso ndani?" Ndinali ndisanawaonepo bambo akulira, ndipo sindinadziwe koyang'ana. "Chinthu chimodzi chokha chimene ndinkatha kukuchitirani, mwandilanda."

Amayi anausiya lamba uja. Anaweramira kutsogolo n'kutsamiritsa chipumi kumbuyo kwa mpando wa bambo.

"Zaka zonsezi anthu akhala akukuyang'anani ngati munthu womenya mwana, ine ndikukupakulirani mpunga," anatero. "Mumayesa wangawo unkandilowa? Abwere. Akadzafunsa ndidzayankha ndekha."

Ndinatuluka, n'kuzungulira, n'kutsegula chitseko cha kumbuyo. Ndinakoka lamba n'kuwamangira. Nkhope yanga ili pafupi ndi yawo ndinayamba kunena kuti pepani, koma anandidula.

"Phimba phewalo," anatero. "Ndipo usasambe mpaka mawa. Mphepo ingalowenso."